Mapini a pa Kalilole

Analowa m'shopu mwanga osaodira, chikwama chakuda chili paphewa. Sanayang'ane nsalu, sanayang'anenso ine. Maso ake analunjika pa kalilole wamkulu, pomwe kalamba ka timagetsi ta LED kanali kuphethira ngati diso lolowa utsi.

"Timagetsiti tayamba liti kutero?" anafunsa.

"Dzulo, nditangotiika. Koma pepani, ndinu ndani?"

"Tazimitsani kaye swichiyo, atelala."

Ndinazimitsa. Masana omwewo achemwali anga ankabwera kudzayesa diresi lawo laukwati, loyamba kusokedwa ndi manja anga. Anali atandichenjeza kale kuti akapanda kudzikonda pakalilole, akagula losokasoka. Ndipo shopu yangayo ilibe zenera.

Mlendoyo anayamba ndi soketi, n'kuyeza ndi tesita. "Moto ulipo." Kenako anachotsa kalamba kaja ku kabokosi kake kochepetsa mphamvu, nayezanso. "Akanso n'kabwino. Kakuzima dala, kukana kupsa. Pali pena pakugundana."

Anayendetsa chala pa kalambako pang'onopang'ono. Ine ndinangoima kumbuyo kwake, ndikudzifunsa kuti munthu wa nsidze zotere wachokera kuti.

"Mayo!" Anayamwa chala. "Munamata ndi chiyani?"

"Guluu wake samagwira. Ndinangobaya mapini."

"Mapini! Mumayesa ndi mpendero wa siketi?"

Anandionetsa tinjira tiwiri ta mkuwa todutsa m'kalambako. Pini imodzi inalowa chopendekera n'kukhudza tonse tiwiri. Tinazula mapini onse, iye n'kumata bwinobwino ndi tepi.

"Yatsani."

Kuwala kunati ngwee, osagwedera ngakhale pang'ono. Ndinakuwa, ndinavina, sizasi ili m'manja!

Achemwali anatipeza tikuseka. Atavala diresi lija kuseri kwa katani n'kutuluka, mlendoyo anatembenukira kukhoma, natseka maso ndi dzanja. Iwo anaima pakalilole nthawi yaitali, mikanda yonse ya pachifuwa ikunyezimira.

"Mng'ono wanga, wasoka ndiwe ili?" anafunsa achemwali. "Losokasokalo akagule ena."

Ndinawakumbatira, n'kuwanong'oneza: "Achemwali, munthu wandipulumutsayu akukana kunditchulira dzina."

Anaseka mpaka kugwira m'mimba.

"Ndamtuma ndine, utandidandaulira pafoni paja. Si uyu wakhala ukundivutitsa kuti ndikuonetse? Tapukuta m'masomo, iwe. Dzina lake kwa iwe ndi alamu."