Kuwala Kochokera Pansi pa Ayezi

Mayi Lorraine atatseka chitseko cha kanyumba kawo kowedzeramo, komwe kanali pamwamba pa nyanja youndana, mdima unadzaza mkatimo, kenako kuwala kunayamba kukwera kuchokera pansi. Kunkatulukira m'mabowo awiri omwe anaboola pa ayezi, kobiriwira ndi kofewa, ngati kuti dzuwa linagwera m'nyanjamo n'kuiwala kuvuuka. Pansi penipeni zomera zinkagwedezeka mwaulesi, ndipo pakati pake pankadutsa mapechi, nsomba zachikasu zamizere yakuda, zikuyandama mosafulumira ngati zili m'tulo.

Amuna awo, bambo Duane, anali atakhala kale pa ndowa yozondotsa, akutsitsa mbedza.

M'nyengo yozizira pechi sakoka chingwe. Amayamwa kamphutsi mwakachetechete n'kukalavula, dzanja osamva kanthu. N'chifukwa chake ambiri kuno ku Wisconsin, m'dziko la America, amawedza mumdima: umayang'ana pansi, ndipo kadontho koyera ka nyambo kakangozimirira m'kamwa mwa nsomba, umakoka. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma maso akowo akhale akuona.

Chaka chimenechi bambo Duane ankabwerera kunyumba ndi ndowa yopanda kanthu. Ankati madzi ada, ankati mphutsi za kusitolo n'zaulesi, ankati achinyamata akuthamangitsa nsomba ndi phokoso la magalimoto awo. Mayi Lorraine sankatsutsa, ngakhale anali atawaona kangapo akuthira khofi pambali pa kapu. M'mawawo, akuvala nsapato, bamboyo ananena kuti akapanda kugwira lerolinso, kanyumbako akapereka kwa mnansi wawo, iwo azikhala pakhonde ngati nkhalamba zina. Ndipo sanali munthu wobweza mawu.

Posakhalitsa mayiwo anavuula pechi woyamba, kenako wina.

"Mwaithira mafuta onunkhira nyambo yanuyo, mayi a Cheryl?" anafunsa bambo Duane, akuwaitana ndi dzina la mwana wawo.

"Zikuthawa nkhope yanu, madala. Ndinakuuzani kuti mumete."

Bamboyo anaseka, nati nsomba zopusa zokha ndi zimene zimapita kwa azimayi olongolola, zanzeru zikubwera. Kambaula ka gasi kankalira pang'onopang'ono. Kutali, ayezi anabuula ngati ng'ombe yogona.

Ndipo yanzeruyo inabweradi. Inatuluka m'zomera, yonenepa, zipsepse zake zofiirira zikupepesuka. Inaima pansi pa bowo la bambo Duane, n'kumeza nyambo. Kadontho koyera kanazimirira. Bamboyo anali atawerama, maso ali pomwepo, dzanja lili phee. Nsomba inalavula n'kubwerera m'mbuyo.

Mayi Lorraine anaona zonsezi. Akanati alankhule, ndiye kuti awavula chovala chomwe anadzifunditsa nyengo yonseyi. Akanati akhale chete, kanyumbako kapita, ndipo ankadziwa kuti mwamuna amene adzatsale pakhondepo sadzakhalanso Duane wawo.

Pechi uja anazungulira, nabweranso. Anayang'ana kamphutsiko nthawi yaitali. Anatsegula kamwa.

Nsapato ya mayiwo inagunda nsapato ya amuna awo.

Dzanja lakalelo linadziwa lokha chochita. Ndodo yowedzera inapindika, madzi anathovoka, ndipo nsomba inagwera pathabwa ikuphiriphitha, golide wake akung'anima mumdimamo. Bambo Duane anaifufuza ndi manja, nagoneka minga ya pamsana ndi chala chachikulu, n'kuchotsa mbedza. Anaisisita kuyambira kumutu mpaka kumchira, ngati akuwerenga mizere yake ndi khungu.

Kenako anaiika pambali. Mayi Lorraine anayamba kudandaula kuti thabwalo likuterera, phazi likungowapulumuka, koma mawu anawathera panjira. Anamva manyazi ngati agwidwa akuba. Anadikira kuti amuna awo aimirire, avale chipewa, atuluke.

Bamboyo anabaya kamphutsi kena pa mbedza, natsitsa chingwe.

"Phazi lanulo limachedwa," anatero, osatembenuka. "Muzigunda isanatseke kamwa."

"Tamuoneni. Nsomba imodzi yokha, wayamba kale kuphunzitsa anthu."

Mayi Lorraine anavuula chingwe chawo, nachikulunga bwinobwino, n'kukokera ndowa yawo pafupi, mpaka mapewa awo anakhudzana. Bowo lawo analisiya likuwala lokha.

"Kukubwera ina?" anafunsa bamboyo chapansipansi.

"Ziwiri. Yaikulu ili kumanzere kwanu."

"Ikutani?"

"Dekhani. Ikuganiza kaye."