A Yotamu Abuluu Anafika Mochedwa

Esinati Phwitiko analota atamuitanitsa kuchipatala ndi chikwama chake cha zida, pakuti ntchito yake inali yoyala mawaya a makamera. Achimwene ake, a Yotamu, anali atawagoneka m'chipinda cha opaleshoni, koma dokotala anali kumapeto kwa khonde, mamita mazana atatu kuchokera pamenepo, atagwira mpeni patsogolo pa sikirini. Chimene ankacheka pagalasi chinkachekeka pathupi.

Pasikirinipo a Yotamu analipo atatu. Ofiira anali atadzuka kale, obiriwira anali chigonere, abuluu ankangooneka mapazi.

"Mayi," anatero dokotala, "chilolezo ndili nacho ndi cha munthu mmodzi. Ndibweretsereni mmodzi."

Esinati vutoli ankalidziwa. M'kati mwa waya muli timawaya topotana tiwiritiwiri, mtundu uliwonse wa pachithunzi ndi njira yake. Topotedwa kwambiri timatalikirapo, ndiye waya akatalika mitundu siifikira limodzi. Anasenda wayayo ndi pulayala, n'kulowamo.

M'katimo munali misewu yamkuwa yokulungana kukwera mpaka kumitambo, ndipo kuwala kunkayenda pansi, pang'onopang'ono, ngati ng'ombe zikupita kudibi. Zaka khumi ndi ziwiri akugwira mawaya, sankadziwa kuti muli dziko lalikulu chonchi. Anavula nsapato.

Pamphambano anapeza malemu a Kanjedza, amene anamuphunzitsa ntchito, atakhala pa mkukuluzi wa waya.

"Ndikukatenga abuluu aja, aphunzitsi," anatero Esinati.

"Musavutike. Amenewo sathamangitsidwa, njira yawo ndi yaitali basi. Chedwetsani enawo."

Anamupatsa mkukuluziwo. A Yotamu obiriwira sanavute. Esinati anawapindira waya katatu pansi, iwo n'kumazungulira pomwepo mwaulemu. Koma ofiira anali atafika pakhomo la kumapeto. Kuseri kwake kunkamveka fungo la mvula yoyamba, ndi mawu a malemu bambo awo akuitana nkhuku.

"Achimwene, taimani."

"Ndafika kale, achemwali. Nanga ndiimirenji?"

Esinati anagwada n'kuyamba kupinda waya kuzungulira mapazi awo, ndipo iwo ankatsata mkomberowo chifukwa njira ina panalibe. Koma waya ankatha. Kutsogolo kwa khomo kunangotsala mapazi anayi.

"Tandiuzeni mayina a ana anu," anatero Esinati.

Dzina lililonse linkadya mkombero umodzi. "Chifuniro." Anazungulira. "Lonjezo." Anazungulira. "Tadala." Waya anathera m'manja mwa Esinati. A Yotamu anagwira chitseko, n'kuima. Ankadziwa kuti alipo wachinayi, wamng'ono, koma dzina linakana kubwera.

Pamenepo a Yotamu abuluu anatulukira pakona, akutsimphina, fumbi lamkuwa mpaka m'maondo.

"Mwatitha," anatero, akupuma movutikira. "Dzinalo linali ndi ine."

Obiriwira nawo anafika. Atatuwo anapatsana moni, kenaka analowana monga mmene munthu amalowera m'malaya. Kufiira, kubiriwira ndi buluu zinazimirira, panatsala khungu lenileni la a Yotamu, loderapo, ndi chipsera cha njinga pachipumi. Esinati sanaonepo mtundu wokongola ngati umenewo. Kutali, dokotala anatsitsa mpeni.

Esinati anadzidzimuka ali pa benchi ya chipatala, dzuwa la masana likumuwotcha phewa. Namwino anali ataima patsogolo pake.

"Ndinu wodikirira a Phwitiko?"

Esinati anangogwedeza mutu.

"Atsitsimuka. Akufunsa ngati Mwatitha wadya."