Palibe Wotuluka M'madzi

Apongozi anga aamuna akhala m'kalabu yosambira kuyambira tsiku limene inayamba, ndipo zaka zonsezo sanapambanepo mpikisano. Tisabise, sanakhalepo ngakhale wachiwiri kuchokera kumapeto. Anzawo anawapatsa dzina loti a Nangula, ndipo iwo amalinyadira kuposa dzina lawo lenileni.

Kalabuyi inayambitsidwa ndi anthu a kubekale. Akaweruka m'mawa, ufa ndi thukuta thupi lonse, ankadutsa pa dziwe losambiramo lomwe eni ake analitaya, muli achule ndi matayala akutha. Anapempha chilolezo, n'kulikwecha okha ndi mabulashi a kuntchito. Wodziwa kusambira anali dalaivala wa galimoto ya buledi yekha, ndipo anaphunzitsa anzake zonse zomwe ankadziwa, zolondola ndi zolakwika zomwe.

Lamulo lalikulu la kalabu linabwera chifukwa cha apongozi angawo. Pa mpikisano woyamba, anthu atamaliza anathamangira tiyi, n'kukhoma geti, osazindikira kuti a Nangula akadali pakati pa dziwe. Iwo anatuluka podumpha mpanda, n'kuyenda mumsewu waukulu ndi kabudula wonyowa yekha, nthawi yomwe ana amapita kusukulu. Kuyambira tsikulo palibe wotuluka m'madzi womaliza asanagwire khoma. Onse amaima momwemo, kuwomba madzi ndi manja, n'kumafuula kuti, "Tikudikira!" Lero kalabu ili ndi ana, amayi a Loweruka m'mawa, ngakhalenso achinyamata opita kumipikisano yakutali, koma lamulolo silinasinthe.

Chaka chatha apongozi anachitidwa opaleshoni ya bondo. Adokotala ananena kuti mankhwala oposa onse ndi kusambira. Iwo anakana kwamtuwagalu.

"Kale ndinkachedwetsa anthu pang'ono," anatero. "Ndi bondo ili ndiwaphetsa chibayo ana a eni. Basi, ndapuma."

Anapachika thaulo lawo kuseri kwa chitseko, n'kukhala pampando wa pawindo. Munthu amene ankadzaza nyumba ndi phokoso anayamba kuyankha ndi mutu. Zinandimvetsa chisoni, chifukwa mkuluyu ndimamukonda, ngakhale mpaka lero amanena kuti mwana wake akanatha kupeza mwamuna wamtaliko.

Ine ndimakonza mafiriji. Madzi ndimagwirizana nawo akakhala m'kapu. Ndiye mkazi wanga atayamba kundiyang'ana monga ndimayang'anira firiji yoti itha kukonzeka, ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino.

"Bambo akuopa kudikiritsa anthu," anatero. "Koma patapezeka wina wochedwa kuposa iwo, manyazi atha."

"Wina wake ndani?"

"Amene akudya chakudya changayu."

Loweruka lotsatira ndinapezeka m'gulu la ana oyamba kumene, ine ndekha wandevu. Mphunzitsi wa kalabu ndi mayi wamfupi wa mawu aakulu, yemwe aliyense amamutcha a Wezulo. Anandionerera ndikulimbana ndi dziwe, kenaka anagwira m'chiuno.

"Achimwene, madziwo anakulakwirani chiyani? Lekani kuwamenya! Ndipo musatimwere onse, ena asambiramo."

Ana anaseka mpaka kutsamwa. Ndinapirira miyezi ingapo, maso ofiira, makutu odzaza madzi, mpaka ndinayamba kuwoloka dziwe ndili moyo. Mpikisano wokumbukira kubadwa kwa kalabu utayandikira, ndinapita kwa apongozi.

"Bambo, chaka chino ndikusambira nawo."

Anaseka koyamba chichokereni kuchipatala. "Inuyo?"

"Ine ndemwe. A Wezulo akuti poti inu mwapuma, ndipo womaliza ndikhala ine, dzina la Nangula andipatsa."

Kuseka kunathera pomwepo. A Wezulo sananene zimenezo, koma bodza lina ndi mankhwala.

"Mwana wanga ndinakupatsani," anatero apongozi. "Dzina ayi. Tanditsitsirani thaulo langalo."

Tsikulo kunacha ndi kamphepo kolowa m'mafupa. Anthu ataona a Nangula akutsika masitepe a dziwe, chipsera chili pabondo, anakuwa mpaka mbalame zinathawa pampanda. Akuluakulu a kubekale omwe atsala anali pomwepo, mimba patsogolo, aliyense pamzere wake. Ine anandiika pafupi ndi apongozi.

Wezulo italira, achinyamata anangoti psiti, ndipo posakhalitsa anali atafika. Akuluakulu anatsatira. Osambira tinatsala awiri, wabondo ndi wamafiriji. Ndinaona apongozi akucheuka, n'kuchepetsa liwiro dala kuti ndiwapitirire, dzina lawo lisapite. Anachepetsanso. Koma ine sindinkachita dala ayi, pamenepo ndiye panali polekezera mphamvu zanga. Kuti achedwe kuposa ine kunafunika kumira, choncho anapukusa mutu n'kupita kukagwira khoma.

Ine ndinali ndikadali kutali. Mpweya unandithera, mwendo unachita dzanzi ndi kuzizira, ndipo ndinaganiza zongogwira chingwe n'kuvomereza kuti ndalephera. Pamenepo ndinamva madzi akuwombedwa mbali zonse.

"Tikudikira! Tikudikira!"

Pakati pa mawu onsewo panali amodzi osasa, okweza kuposa a wina aliyense, ofuula mosadziwa nthawi yake chifukwa mwini wake anali asanafuulepo mawuwo chiyambire. Ndinasiya chingwe chija. Ndinamenya madzi, a Wezulo andikhululukire, mpaka chala changa chinakhudza khoma.

Nditapukuta m'maso ndinaona apongozi ataima pambali panga, madzi m'chifuwa, milomo itachita mbuu, mano akugundana. Sankayang'ana ine. Ankayang'ana anzawo akale aja, omwe ankanjenjemera ngati iwo koma akuseka.

"Kodi madziwa amazizira chonchi munthu ukangoima?" anafunsa.

"Chaka chilichonse, a Nangula," anayankha dalaivala wakale wa galimoto ya buledi uja.

"Ndiye bwanji simunanene?"

"Tikananena mukanasiya kubwera."

Apongozi anatunga madzi ndi manja n'kusukusula nkhope nthawi yaitali, ngakhale inali yonyowa kale. Ine ndinayang'ana kumbali. Mkazi wanga anali m'mphepete mwa dziwe ndi mathaulo awiri, akulira poyera, iye alibe nazo manyazi.

Tikukwera masitepe, apongozi anatsamira paphewa langa chifukwa cha bondo lija.

"Dzina lija mwaliwina, koma simulitenga," anatero. "Loweruka mudzanditenge m'mawa. Ndikuphunzitsani ndekha kusambira. Sitingamazunze anthu chonchi."