Usiku Umodzi pa Bedi la Eni Ake

Amene anawalakwira a Eusebio Canché ndi Dokotala Peniche wa ku Mérida, mwezi wa Marichi chaka chatha, ndipo anawalakwira iwo ali m'tulo.

A Eusebio anayendetsa basi pakati pa tauni yathu ya Tizimín ndi mzinda wa Mérida zaka makumi awiri ndi zisanu osagunda ngakhale nkhuku. Kenako kampani inalamula kuti dalaivala aliyense wonenepa khosi akagone ku chipatala choyeza tulo, akamuone ngati mpweya umamuthera akagona.

Kwathu kuno timagona mu hamaka, ukonde womangirira kukhoma, ndipo timagonamo mopingasa, mutu uli m'mwamba. A Eusebio anabadwiramo, bedi anali asanaligonepo. Anapita ndi hamaka yawo m'chikwama.

"Ndimangirire pati, mayi?" a Eusebio anafunsa namwino.

"Bambo, kuno si kumudzi. Mukuonapo msomali pakhomapa?"

Anawamata mawaya m'mutu, pachifuwa ndi m'miyendo, kachubu m'mphuno, n'kuwagoneka chagada ngati mtembo. Akati atembenuke, mawu ankatuluka m'kabokosi kapakhoma: "Chagada, bambo."

Patapita sabata dokotala anawaonetsa pepala la mizere yokhotakhota. "Mpweya wanu unkaima ka makumi anayi pa ola limodzi. Simunyamulanso anthu mpaka mutayamba kugona ndi makina opopera mpweya."

"Adokotala, mwayeza bedi lanu, ine simunandiyeze. Bwerani nawo kwathu mawayawo."

"Makina sanama, bambo."

"Nanga inu atakugonekani mu ukonde koyamba, mungapume bwino?"

Dokotala anali atasaina kale.

Kunyumba akazi awo, a Rufina, anangowonjezera moto. "Inu abambo, ngakhale mu hamaka momwemo, mkonono wanu agalu a aneba amauyankha."

"Mkonono si mlandu. Unandionapo nditafa?"

"Kangapo konse. Ndimakudzutsani ndi phazi."

Mawu amenewo a Eusebio anangowataya kunkhongo. A Rufina akhala akufuna kuti iwo asiye basi kuyambira kalekale.

Kampani inawalanda makiyi a basi Lolemba lotsatira. Dzina lawo lili pamndandanda wa odikira makina, ndipo mndandandawo suyenda. Basi ija akuiyendetsa munthu wina wa ku Espita wothyola magiya, ndipo ikamadutsa m'mawa a Eusebio amaimva ikubuula pakona ya msika.

Analembera dokotala uja makalata atatu opempha kuti ayezedwenso atagona momwe amagonera. Yachitatu anakaipereka okha pamanja mu Ogasiti. Sanayankhidwe.