Nthenga m'Shawelo ya Chiso

Justina anaipeza akumuvula mwana wake Chiso kuti amusambitse: nthenga yaitali, yakuda, yomangidwa ulusi wofiira kutsinde, itabisala m'shawelo. Kwawo ku Ntcheu, chinthu chotere sichifika pa mwana ndi mphepo.

Chiso ankaswera kwa Bambo Pargeter, mzungu wokalamba wa m'nyumba yapansi pa yawo ku Ilford, kudziko la azungu. Popanda iwo, Justina akanasiya kalekale ntchito yake yosamalira okalamba.

Anaitana Sandra, mnzake wa ku Chipata.

"Iwe, usagwire na manja!" anatero Sandra. "Wamufunsa mdala?"

"Ndawafunsa pamasitepe. Angoti 'estridge', n'kumaseka."

"Esi chani? Chizungu chamene na dalaivala wa basi sangamve, ni cha kumanda icho."

"Koma azungu amatamba?"

"Nanga mwana wa eni amusungira chani mahala?"

Justina anaiwaza mchere nthengayo n'kuiwotcha m'sinki.

M'mawa anagogoda kwa Bambo Pargeter, mwana ali kumsana, osamumasula.

"Bambo, chija n'chiyani? Mundiuze zomveka, apo ayi Chiso sabweranso."

Mkuluyo anakoka bokosi kunsi kwa bedi. Linali lodzaza nthenga, ndipo pachivindikiro panali chithunzi cha chimbalame chamiyendo italiitali.

"Nthiwatiwa!" anatero Justina mosafuna.

Bambo Pargeter anafotokoza kuti bambo awo ankakongoletsa zipewa za anthu a zisudzo. "Estridge" linali dzina lachikale la mbalameyo, komanso la nthenga zake zofewa. Mawuwo anafa, anatsala m'kamwa mwa iwo okha. Ulusi wofiira chinali chizindikiro cha nthenga yabwino koposa. Akamusisita nayo Chiso pachipumi, amagona pompo.

"Ija anamanga ndi dzanja lawo bambo anga, yatsala yokhayo. Mwabwera nayo?"

"Ndawotcha."

Mkuluyo anakhala pabedi, kuyang'ana bokosi. Panja basi inadutsa, ndipo Justina anadziwa kuti yotsatirayo ikamufikitsa kuntchito atachedwa.

Kenaka manja okwinyika aja anatambasukira kwa mwana.

Justina anamasula nsalu pang'onopang'ono. Anampereka Chiso, koma bokosi analinyamula yekha n'kulikweza pamwamba pa kabati.

"Pepani, Bambo. Koma nthenga zikhale uko. Akalira muzingomuyangata."

Ali m'basi anaimbira Sandra.

"Ndi nthiwatiwa chabe, mwali. Komabe masana ukasuzumireko."