Masamba Otsuka Magazi

Tsiku limene Safta anatengeredwa kuchipatala, mwendo wake wakumanzere unali utatupa ngati chipika, wofiirira ndiponso wotentha. Zamfira, mnzake wa kuyambira ali atsikana, ndiye anam'peza atakhala pakhonde, nsapato imodzi ili m'manja, akuitukwana chifukwa chokana kulowa.

"Nsapatoyo sinalakwe, chitsiru iwe. Taona mwendowo," anatero Zamfira, n'kuthamanga kukaitana galimoto.

Madokotala a m'tauni sanabise mawu. Anati magazi aundana m'mitsempha kuyambira m'katumba mpaka m'ntchafu, ndipo mbulu umodzi ukangothothoka n'kukafika m'mapapo, ndiye kuti maliro. Anam'patsa timapiritsi tosungunula magazi, namuuza kuti asamadye kabichi ndi sipinachi, chifukwa zimenezo sizigwirizana ndi mankhwalawo. Safta anavomera ndi mutu. Analibe wina womuyang'anira. Mwamuna wake, Nikifor, anagona kalekale kuseri kwa tchalitchi, ndipo mwana wake yekhayo ankamanga nyumba za eni ku Italy. Ndiye m'mawa uliwonse Zamfira ankamanga duku lake lakuda, n'kukwera minibasi yoyamba kukamuona kuchipatala kumene anamugoneka.

Vuto linali lakuti inali nyengo ya Lenti. Kwathu kuno nyengo imeneyi munthu wopemphera salawa nyama, mazira, mkaka ngakhale batala mpaka Pasaka, ndipo Safta pa nkhani imeneyi anali nkhutukumve. Msuzi wa nkhuku wa kuchipatala ankaubweza osaukhudza. Ankangodya buledi wouma ndi tiyi.

"Wansembe amalola odwala kudya, ukudziwa," anamuuza Zamfira.

"Wansembe wake uti? Kamnyamata kaja kosamera ndevu bwinobwino? Ine ndinasala nthawi ya boma lija lokana Mulungu, akapitawo akutisuzumira m'mbale kufakitale, ndiye ndiyambe kudya nkhuku lero chifukwa cha mwendo?"

Zamfira anaseka, chifukwa zinali zoona. Anakumbukira kantini ya fakitale ya nsalu, awiriwo atakhala pangodya, thonje lili mbuu m'tsitsi, akukankhira soseji m'thumba la epuloni kuti akapatse galu wa mlonda. Anaima pa makina oyandikana mpaka fakitaleyo inatsekedwa. Phokoso la makina linkagonthetsa m'khutu moti anaphunzira kunena miseche ndi milomo yokha, ndipo mpaka lero ankatha kumunena munthu ali pompo iye osadziwa. Miyendo yawo yonse inathera pa simenti imeneyo.

Koma mnzake anali kutha thupi, ndipo Zamfira usiku sankagona nazo. Mwamwayi chisanu chinali chitangotha, ndipo m'mbali mwa mtsinje wa Siret munali mutayamba kuphuka urzika, masamba aja oluma m'manja ngati moto. Aliyense kuno amadziwa, ngakhale mwana, kuti urzika woyamba amatsuka magazi. Amayi athu ankatero, amayi awo ankateronso. Nanga munthu magazi ake aundana, kodi pali chinanso choposa chimenecho? Komanso si nyama, si mkaka. Zamfira anadziona ngati wanzeru kuposa chipatala chonse.

Anavala masokosi akale m'manja, natsikira kumtsinje ndi dengu. Ha, fungo la dothi lonyowa lija! Pamalo omwewo ndi pamene anakumana koyamba ndi Safta, chaka cha njala, onse ali osavala nsapato, atatumidwa kukathyola urzika chifukwa m'nyumba munalibe kanthu. Safta anam'kankhira m'chitsamba chake polimbirana malo, Zamfira nalira mpaka kumudzi, ndipo madzulo Safta anabwera ndi theka la dengu lake kudzapepesa. Chiyambire pamenepo sanasiyane. Anavina limodzi pa ukwati wa aliyense, anasambitsirana ana, ndipo aliyense anasambitsa mtembo wa mwamuna wa mnzake. Zamfira anawerama pamenepo msana ukuwawa, misozi ikugwera m'dengu, chifukwa ankam'konda mkazi wamakaniyo kuposa abale ake enieni.

Anawawiritsa masambawo, nawasinja, nawakazinga ndi anyezi, adyo ndi kaufa pang'ono, n'kudzaza botolo lalikulu lagalasi. Safta atangotsegula chivindikiro, wodi yonse inanunkhira kumudzi.

"Kodi adokotala sanaletse zamasamba?" anafunsa mayi wina wa pabedi loyandikana.

"Analetsa kabichi ndi sipinachi," anayankha Zamfira. "Izi si ndiwo, amayi, ndi mankhwala."

Safta anadya mpaka kupukuta botolo ndi buledi. Mawa lake chimodzimodzi, mkucha chimodzimodzi. Manja a Zamfira anachita matuza, koma iye ankawaonetsa monyadira. Masiku amenewo anali okoma ndithu. Ankakhala pamphepete pa bedi akupesa tsitsi la mnzake, akuwerenga anyamata amene anawakana, akukangana za amene anang'amba diresi la buluu lija limene ankabwerekana. Nthawi zina dokotala, mtsikana wowonda wa magalasi, ankabwera ndi nkhope yodabwa n'kunena kuti magazi sakusungunuka monga ayenera, ndipo ankawonjezera mankhwala. Zamfira akamva zimenezo ankapita kukathyola urzika wochuluka.

M'mawa wina analowa m'wodi n'kupeza bedi lili mbee, loyalidwa bwino. Mayi wa pabedi loyandikana uja anam'gwira dzanja msanga.

"Sanamwalire, musakomoke. Anayamba kubanika kutacha, ndiye apita nawo kuchipinda cha odwala kwambiri."

Dokotala anam'peza m'khonde atakumbatira chikwama chake. Anamuuza kuti mbulu wina wafika m'mapapo, koma waung'ono, ndipo awuthamangira ndi majakisoni.

"Chimene sindikumvetsa, amayi, n'chakuti mapiritsi aja ankangokhala ngati tikuwataya m'madzi. Kodi kupatula buledi, amadya chiyani?"

Zamfira anatulutsa botolo, likadali lofunda, ndipo ndikuuzani, analitulutsa monyadira. Dokotala analiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anavula magalasi, nakhala pa benchi pafupi naye.

"Tsiku lililonse?"

"Tsiku lililonse, lodzaza. Amatsuka magazi, adokotala."

"Agogo anga amateronso," anatero mtsikanayo motsitsa mawu. "Koma masamba obiriwira ochuluka chonchi amafooketsa mapiritsi amenewa. Nkhani yake ndi yomweyo ya sipinachi. Ndikanatchula urzika, sindinaganize."

"Ndiye kuti ndine ndam'pha."

"Sanafe. Koma wafooka kwambiri, ndipo kuyambira dzulo madzulo sakulandira chilichonse. Thupi lopanda chakudya silingalimbane ndi zimenezi. Ife satimvera. Mwina inu."

Zamfira sanalowe n'komwe kukamuona. Akanamuyang'ana bwanji? Anakwera minibasi yobwerera, botolo lili pamiyendo, akudzitukwana njira yonse. Safunsa anadya phula, koma apa wosafunsa anali iye, wodya phula n'kukhala mnzake. Atafika anakhuthulira urzika yense kudzala. Kenako analowa m'khola n'kugwira thadzi lake lamawangamawanga, limene linkaikira kuposa onse.

Mayi woyandikana naye nyumba anasuzumira pampanda, naona mpeni, nachita chizindikiro cha mtanda.

"Zamfira! Nkhuku? Sabata yoyera ili pakhomo!"

"Pitani mukalengeze kutchalitchi, belu lili pomwepo," anayankha Zamfira osacheuka.

Anaiphika pamoto wochepa ndi karoti ndi anyezi, nasefa msuzi wokhawokha, wachikasu. Iyenso chibadwire anali asanalawepo nyama m'Lenti. Masana omwewo anali atabwerera m'tauni.

Anamwino anamuveka chovala choyera pamwamba pa juzi lake n'kumulowetsa. Safta anali atagona chagada, kachubu ka mpweya kali m'mphuno, milomo itauma. Anali atachepa ngati mwana. Anatsegula maso, nayang'ana chikwama.

"Wabwera naye urzika?"

Zamfira anakhala pansi n'kumuuza zonse, osazungulira. Ananena za mapiritsi, za masamba, za zimene ananena dokotala.

"Ndinatsala pang'ono kukuika m'manda ndi manja angawa, Safta."

Safta ankapuma movutikira. Kenako pakamwa pake panagwedera, ndipo Zamfira anazindikira kuti nkhalambayo ikuseka.

"Unkandithira m'kamwa ngati bakha? Ndinkadya ndekha. Usadzitame, ulibe mphamvu zondipha ine."

"Ndiye imwa ichi."

Anatsegula botolo. Safta ananunkhiza, ndipo nkhope inauma nthawi yomweyo. Anatembenukira kukhoma.

"Chotsa."

"Adokotala akuti ukapanda kudya..."

"Ndamva. Ngati ndikupita, ndipite woyera. Kwatsala pang'ono Pasaka. Ndikafike kwa Nikifor ndikununkha nkhuku?"

"Nikifor amene ankadya nyama yankhumba m'khola mobisa Lachisanu Loyera? Ameneyo ndiye akununkhize?"

Safta sanaseke. Maso anali kukhoma, ndipo Zamfira anaona kuti mnzakeyo sakuchita makani wamba, akuchita mantha. Ankaopa kufa atathyola chinthu chokhacho chimene anachisunga moyo wake wonse, pamene zina zonse zinam'pulumuka: fakitale, mwamuna, mwana, tsopano mwendo. Zamfira nayenso anachita mantha, koma ake anali ena. Ankaopa m'mawa umene adzadzuke wopanda womukalipira.

Anatenga supuni. Msuzi wina unatayikira pa chovala choyera chija.

"Tandiyang'ana, mtsikana iwe."

Safta anatembenuka pang'ono. Zamfira anachita chizindikiro cha mtanda, naika supuni m'kamwa mwake, nameza. Anatunganso, namezanso. Misozi inkatsika mpaka m'chibwano.

"Wapenga?" ananong'ona Safta. "Iwe sukudwala. Iwe ulibe chowiringula."

"Ndilibe. Ndiye ngati ndi tchimo, langa ndi lalikulu kuposa lako. Akayamba ndi ine, iwe ukabisala kumbuyo kwanga. Ndipo ndimwa botolo lonseli, mawa ndipha nkhuku ina, mkucha inanso, mpaka khola lithe, ngati sutsegula pakamwapo."

"Zamfira..."

"Sindikufuna kutsala ndekha m'mudzi muja. Wamva? Sindikufuna."

Kamakina ka pamutu pa bedi kankangolira. Safta anamuyang'ana nthawi yaitali mnzakeyo, mafuta a nkhuku ali waliwali pamilomo, duku litapendekeka. Kenako anayesa kudzutsa mutu, koma unakanika. Zamfira analowetsa dzanja kunsi kwa khosi lake n'kuutukula.

"Ukamuuze wekha wansembe kuti unandikakamiza," anatero Safta.

"Ukamuuza ndiwe. Ndidzakugwira mkono mpaka kutsogolo."

"Uuzire kaye, ukufuna undiwotchenso?"

Zamfira anauzira msuziwo, nabweretsa supuni pafupi. Safta anatseka maso n'kutsegula pakamwa.