Chiguduli pa Zenera la a Zebron

"Kodi m'nyumba ya a Zebron muja muli munthu wamoyo?" anafunsa mayi wina pa dziwe loviikamo chinangwa ku Kande. Anzake anangoweramira m'madzi. Munali mu 1991, ndipo funso silinkayankhidwa wamba.

A Zebron anabwerera kuchokera ku Joni impso zitasiya kugwira ntchito, ali ndi kapaipi pamimba. Kanayi pa tsiku, akazi awo a Jessie ankalowetsa madzi a mankhwala m'mimbamo n'kutulutsa akale, amene atenga zoipa za m'magazi. Matumba a madziwo inkatumiza ndi kampani imene bambowo ankagwirako ntchito.

Anthu ataona thumba likulendewera kudenga, anayamba kunong'ona kuti mwamunayo anafa kale, mkazi akungomuthirira ngati mbande. A Jessie anakhomera chiguduli pa zenera. Ntchito yonse ankaigwira mumdima, dzuwa likuswa mtengo panja. Paipi ankaipeza mopapasa, ndipo madzi otuluka ankakataya kuseri osawayang'ana.

Lachiwiri lina a Zebron anayamba kubuula. Mimba inauma gwa, thupi linatentha. A Lyness, namwino wa ku Chintheche, anamva kubuulako akudutsa pa njinga.

"Odi! Muno mwagwa maliro?"

"Ayi a sisita, ndi malungo chabe," anatero a Jessie.

"Malungo oopa dzuwa?" Namwinoyo anazula chigudulicho. Pa mphasa panaoneka munthu wa maso okhaokha. "Amayi, khadi la chipani muli nalo?"

"Tinagula tonse awiri," anayankha msangamsanga a Jessie.

"Ndani sanagule? Bweretsani."

A Lyness anaika khadilo pansi pa thumba la madzi otuluka m'mimba. "Werengani."

Sipanaoneke chilembo. Madziwo anali mbuu ngati a pa dziwe la chinangwa.

"Akakhala abwino, zilembo zimaoneka. Awa ndi majeremusi, alowera pa paipi. Mukadikira mawa, maliro aja akhala enieni."

Tsiku lomwelo a Zebron anatengeredwa kuchipatala. Patatha milungu iwiri anabwera akuyenda okha, akufunsa nsima ya kondowole.

Phunziro nali: sambani m'manja ndi sopo musanagwire paipi, sinthani matumba pamalo owala ndi aukhondo, ndipo yang'anani madzi nthawi iliyonse. Akachita mbuu, kapena mimba ikapweteka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo.

A Jessie anatsikira ku dziwe kuja, n'kupeza amayi aja.

"Chiguduli ndatentha," iwo anatero. "Mawa m'mawa mubwere nonse pa zenera langa. Aliyense atenge khadi lake, adzaliwerenge pansi pa thumba."